Tsiku limene kompyuta inasowa ahedi



Sabata yatha ndinafunsa a Fomu 3 kuti operating system n'chiyani. Anayankha onse pamodzi ngati kwaya, osaphonya liwu la mu notsi. Nditafunsa ngati anaigwirapo ndi manja, kunali zii. Chonsecho ambiri a iwo madzulo amabwereka foni ya Android ya makolo awo. Sindinawakalipire, chifukwa nanenso mutuwu ndinkangouloweza mpaka pamene zinandionekera mu 2012.

Nthawi imeneyo ndinali pa sukulu ina, dzina ndisunge. Tinali ndi makompyuta ochepa akale amene anthu akufuna kwabwino anatipatsa, onse a Windows XP. Imodzi inali mu stafurumu, ndipo ndine ndinakakamiza anzanga kuti malikisi a teremu yonse tizilemba mmenemo. Kutatsala masiku atatu kuti titsekere, magetsi anazima tili mkati molemba. Atayaka tinayatsa kompyuta, koma pa sikirini yakuda panangobwera mawu akuti "Operating System not found". Mtima unangoti myuu. Ena anali atabweza kale mapepala kwa ana. Ahedi sanachulutse gaga m'diwa, anangoti, "Aphunzitsi, makolo akubweratu Lachisanu."

Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti zonse zinalipo. Fani inkazungulira, kagetsi kankayaka, kiyibodi ndi mausi zinali zolumikiza bwinobwino. Zinali ngati sukulu imene ili ndi makalasi, madesiki, aphunzitsi ndi ana, koma ilibe ahedi, taimutebulo ngakhale belu.

Ntchito ya operating system ndi imeneyotu. Purosesa ili ngati labu imodzi imene makalasi onse akuifuna. Operating system ndiyo imagawa nthawi: Word ilowe pang'ono, nyimbo zilowe pang'ono, kusinthana kambirimbiri pa sekondi imodzi, mpaka ife timaona ngati zonse zikuchitikira pamodzi. Imagawanso malo mu RAM, kuti pulogalamu ina isalembe pamalo a inzake. RAM ili ngati bolodi, magetsi akazima zonse zimafufutika. N'chifukwa chake malikisi a tsiku limenelo, amene tinali tisanaseve, anapita osabwereranso.

Pa hadi disiki, operating system ili ngati wosunga sitolo ya sukulu, amene ali ndi kaundula wa dzina la fayilo iliyonse, kukula kwake ndi pamene yagona. Mukalumikiza pulinta kapena fulashi, imayankhula nazo kudzera mu timapulogalamu totchedwa madalaivala, ngati womasulira pa msonkhano. Imafunsanso pasiwedi pachipata kuti mwana asalowe mu mafayilo a mphunzitsi. Ndipo tizithunzi timene timadina tija ndi nkhope yake, pamene ife timayankhulira nayo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi pa msewu wa ku Mchinji kupita m'tauni kwa mnzanga wokonza makompyuta. Anangoseka, nandipatsa CD yolembedwa Ubuntu. Anati, "Achimwene, mafayilo anu ali moyo. Chaonongeka ndi kagawo koyambirira ka disiki, kamene kamauza makina kumene Windows ili." Nditabwerera ndinayatsa kompyuta kuchokera pa CD ija. Patapita mphindi zingapo panabwera sikirini yachilendo, ndinatsegula disiki, ndipo foda ya malikisi inali phee pamalo pake. Ndinakopera pa fulashi manja akunjenjemera. Lachisanu makolo analandira malipoti.

Apo m'pamene ndinamvetsa kuti makina ndi ena, operating system ndi ina. Ahedi ongobwereka anayendetsa sukulu yomweyo.

Kenako ndinayamba kuwerenga za CD ija. Ubuntu inatuluka koyamba mu 2004, ndipo anayambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Mpaka 2011 kampani yake, Canonical, inkatumiza ma CD amenewa ulere pa positi. Mtima wake ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali mwana wasukulu pa yunivesite ya Helsinki. Android nayo inamangidwa pa Linux yomweyo. Ndiye kuti mayi wogulitsa tomato pa Nsaru akamatumiza uthenga pa WhatsApp, akugwiritsa ntchito operating system ngakhale sanalembepo notsi zake.

Nkhaniyi sinathe. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndipo Windows 10 mu Okutobala 2025. Kompyuta imayakabe, koma mipata imene mavairasi amalowera sikutsekedwanso. Tisanataye makina akale m'sukulu zathu, tiyese kaye kuikamo Linux yopepuka, mwina atithandizabe.

Pempho langa kwa anzanga a Computer Studies: musanalembetse notsi, tsegulani Task Manager ana aone mapulogalamu akulimbirana purosesa. Ngati kompyuta palibe, tulutsani foni. Mawu a MANEB adzaloweza pambuyo.

Malikisi ndimalembabe pa kompyuta, koma ndimasunganso pa fulashi ndi m'kope lachikuto cholimba. Mbuzi ikalawa zamchere sinyengeka, koma ine zowawa ndinalawa kamodzi, zinandikwana.