Ulendo wa ku Mwanza: kumene anthu a m'midzi apeza ngongole

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za dziko la Mwanza, kumene tidayenda masiku angapo kukacheza ndi abale athu a m'miphakati. Ambiri a inu mudziwa dzina la Mwanza chifukwa cha manachesi ake otsekemera, amene agulitsidwa m'misika ya ku Blantyre ndi ku Lilongwe nyengo yachisanu. Koma ife tidapezako nkhani ina yoposa ya manachesi, ndiyo ya ngongole: kumene munthu wa m'mudzi athamangira pamene m'nyumba mwasowa ndalama, ndi zimene zimugwera akakongola.

Wochokera ku Blantyre ayenda makilomita ngati 100. Msewu upyola pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Mdeka, nutsikira ku chigwa chotentha cha Shire, kumene malambe aima ngati nkhalamba zodikira mlandu. Mutawoloka mlatho wa pa Zalewa mupatukira kumanzere, muwoloka Lisungwi ndi Wamkulumadzi, ndipo pang'onopang'ono dziko liyamba kukwera, mphepo niyamba kuzizira. Boma la Mwanza lili pafupi ndi malire a Mozambique. Kutsidya kwake kuli Zobue, ndi msewu waukulu wopita ku Tete ndi ku Harare. Usana ndi usiku magalimoto aakulu a katundu andanda pa chipata, ndipo njanji yonyamula malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala ipyolanso m'dziko lomweli. Kale Mwanza ndi Neno lidali boma limodzi, koma adaligawa mu 2003. Pa kalembera wa 2018 anthu a ku Mwanza adapezeka oposa 130,000, ndipo ambiri a iwo ali alimi a m'midzi ya Mfumu Kanduku, Mfumu Nthache ndi Mfumu Govati.

Mlendo woona chuma chonse chodutsa pa msewu angayese kuti anthu a kuno sasowa kanthu. Koma chuma chimenecho chingodutsa, monga madzi a mvula pa thanthwe. Mlimi wa ku Thambani kapena wa ku Kunenekude apeza ndalama pa nyengo ziwiri zokha: pamene manachesi apsa, ndi pamene athyola nandolo. Koma zosowa za m'nyumba sizidikira nyengo. Sukulu itsegulidwa mu Seputembala, feteleza afunika mu Novembala, nkhokwe ipepuka mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo matenda ndi maliro afika tsiku limene afuna okha. Pakati pa nyengo ya kukolola ndi nyengo ya kusowa pali dzenje, ndipo ngongole ndiwo mlatho umene anthu ayesa kuyala pa dzenjelo. Mlatho wina uwolotsa, wina uthyokera pakati.

Mabanki alipo pa boma, koma afunsa kalata ya malipiro a pa mwezi kapena chikole cholembedwa, zimene mlimi wa munda wa makolo alibe. Chifukwa chake anthu a m'midzi ali ndi makomo ena anayi amene agogodapo, ndipo tidayesa kuwaona onse.

Khomo loyamba ndilo la mbale ndi mnansi. Ngongole imeneyi ndiyo yakale koposa zonse, ndipo ilibe chiwongoladzanja: lero ndikubwereka ndowa ya chimanga, mawa udzandibwereka khasu kapena udzandithandiza kufolera denga. Pafupi ndi iyo pali chipereganyu, pamene anthu asanu kapena khumi asonkha ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, naipereka yonse kwa mmodzi, kufikira onse atalandira. Njira zimenezi nzokoma, koma nzazing'ono. Chaka cha njala mnansi wako ali ndi njala yomweyo imene uli nayo iwe.

Khomo lachiwiri ndilo la katapila, ndipo ili litseguka msanga koposa onse. Wa katapila safunsa kalata, sadikira msonkhano. Upita m'mawa, masana ndalama zili m'manja. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri a iwo afuna theka la ndalama pamwamba mwezi uliwonse, ena afuna kuwirikiza. Tiyeni tiwerenge pamodzi, pakuti masamu sanama. Munthu akakongola K50,000 pa pangano la theka, mwezi ukatha ayenera kubweza K75,000. Akalephera, mwezi wachiwiri ngongole ifika K112,500, ndipo mwezi wachitatu K168,750. Tsono munthu amene adasowa K50,000 mu Januwale adzazipeza kuti ndalama zoposa katatu mu Epulo? Pamenepo wa katapila atenga chikole: njinga, mbuzi, malata, kapena khadi la ku banki la munthu wa pa ntchito, kuti malipiro ayambe adutsa m'manja mwake.

Ku Mwanza katapila ali ndi mlongo wake amene savala dzina la ngongole. Mlimi wopanikizika agulitsa zipatso zikali zaziwisi mumtengo, nalandira ndalama yochepa lero. Pofika nyengo yothyola, mtengo umene adaubzala yekha ubalira munthu wina. Mayi wina wamasiye adationetsa mitengo yake isanu ndi itatu kuseri kwa nyumba, yolemera ndi zipatso mpaka nthambi kugwa pansi, nati: «Aphunzitsi, onani ndi maso okha. Ndidaigulitsa mwana atagonekedwa m'chipatala. Ngakhale adzukulu anga sangathyole limodzi.» Sitidapeze mawu oti timuyankhe msanga, pakuti sadachite kanthu kopusa: adaombola moyo wa mwana ndi chimene adali nacho. Mlandu uli pa ife tonse amene tidamusiya kuti asowe khomo lina.

Khomo lachitatu ndilo la mabungwe obwereketsa ndalama ndi la boma. Akuluakulu akumbukirabe makalabu a alimi a nthawi ya Kamuzu, amene ankapereka feteleza ndi mbewu pa ngongole, kufikira dongosolo lake lidagwa pambuyo pa chilala cha 1992. Pambuyo pake padabwera Malawi Rural Finance Company ndi FINCA mu 1994, thumba la boma la MARDEF mu 2005, ndi NEEF mu 2020. Palinso ma SACCO, amene mamembala ake ndiwo eni ake. Ndipo tingakondwe kukumbukira kuti Eklezia Katolika adathandiza kuwayambitsa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, bungwe lawo lalikulu la MUSCCO lisanabadwe mu 1980. Kuyambira 2010 pali lamulo lakuti mabungwe obwereketsa ndalama zazing'ono ayang'aniridwe ndi Reserve Bank. Chifukwa chake wofuna kukongola ku bungwe ali ndi ufulu wofunsa ngati lili ndi chilolezo, ndi wofunsa ndalama zonse zimene adzabweza asanadinde chala pa pepala.

Khomo lachinayi ndilo limene tidalipeza pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndilo banki m'khonde. Njira imeneyi idayambira kutali, kwa amayi a ku Niger, mu 1991, mothandizidwa ndi bungwe la CARE, ndipo idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa. Mabungwe a Eklezia monga CADECOM aiphunzitsanso m'maparishi athu. Tidaloledwa kukhala nawo pa msonkhano wa gulu lina, pansi pa mtengo wa mango, ndipo tikufotokozereni mmene udayendera.

Anthu ake adali 20, amayi 17 ndi abambo atatu. Adayamba ndi pemphero, nakhala mozungulira mphasa. Pakati padali bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ake asungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosi ligona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi, kotero kuti palibe angalitsegule yekha. Poyamba aliyense adaponya kandalama ka thumba la zangozi, lothandiza wodwala ndi woferedwa. Kenaka mlembi adaitana maina, ndipo yense adagula masheya monga mwa mphamvu zake, kuyambira imodzi kulekeza zisanu, owerenga ndalama awiri nanena mokweza kuti onse amve. Atatha izi, okongola mwezi wathawo adabweza, ndipo ofuna kukongola adaimirira mmodzimmodzi kunena chimene afuna kuchita ndi ndalamazo: wina kukagula nsomba zouma zogulitsa pa msika, wina fizi ya mwana wa ku sekondale, wina kukaoda matumba a mbatata. Lamulo lawo nlakuti munthu asakongole zoposa katatu pa zimene adasunga, ndipo abweze ndi makwacha 20 pa 100 alionse. Pakutha kwa chaka athyola banki, nagawana zonse pamodzi ndi phindu, yense monga mwa masheya ake.

Chiwongoladzanja chimenechi si chochepa, ndipo tidawauza poyera. Koma tcheyamani wawo, mayi wachikulire wa mawu ofatsa, adatiyankha kuti: «Zoona, aphunzitsi, koma phindu la katapila lipita ku nyumba imodzi, pamene lathu libwerera pa mphasa pomwe pano.» Adationetsa nyumba zitatu za malata m'mudzimo zimene zidafoleredwa ndi ndalama za mu Disembala. Mutu umodzi susenza denga, adatero makolo, ndipo apa tidaona ndi maso kuti mitu 20 ilisenzadi.

Koma tikadakhala mboni zonama tikadabisa mabala ake. Magulu ena akakamiza membala aliyense kukongola, ngakhale alibe malonda, kuti phindu lichuluke. Pamenepo banki yasanduka katapila wovala chitenje cha mpingo. Amayi ena alowa magulu atatu kapena anayi, nakongola uku kuti akabweze uko, kufikira tsiku limene onse afika pakhomo nthawi imodzi kudzanyamula mipando ndi mapoto. Abambo ena atuma akazi awo kukakongola, ndalama nazimwera kachasu, manyazi nawasiyira mayi. Ndipo pali ngozi zimene sizichokera kwa munthu wa m'mudzi. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo wake nugwa kuno kwathu, ndipo amene adakongola podalira nandolo adatsala manja m'khosi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100, kotero kuti ndalama zimene zidagona m'bokosi chaka chonse zidagula zochepa pa tsiku logawana. Bokosi la maloko atatu liletsa mbala, koma sililetsa zimenezi.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa Eklezia. Malamulo a Mose adaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, pakuti wolanda chida chopezera chakudya walanda moyo. Mu 1462, ku Perugia m'dziko la Italy, a chipani cha Fransisko Woyera adathandiza kutsegula nyumba yobwereketsa amphawi pa chiwongoladzanja chochepa, kuti awapulumutse m'manja mwa a katapila a nthawi imeneyo, ndipo Papa Leo X adavomereza nyumba zotere mu 1515. Mu 1745 Papa Benedikito XIV adalemba kalata yodzudzula katapila. Tsono Mkhristu amene adya Ukaristia Lamulungu m'mawa, Lolemba nakalanda malata a mayi wamasiye chifukwa cha ngongole imene idawirikiza katatu, adzifunse bwino pamaso pa Mulungu asanapite kukalapa. Ndiponso wokongola akumbukire kuti kubweza ndi udindo wa chilungamo. Wokongola m'gulu nathawira ku Tete kapena ku Joni waba thukuta la amphawi anzake.

Kwa mabanja athu tipereka malangizo awa, amene tidawatola kwa anthu a ku Mwanza eni ake. Mwamuna ndi mkazi agwirizane asanakongole, ndipo pasakhale ngongole yobisika m'nyumba. Muwerenge ndalama zonse zobweza, osati zolandira zokha, ndipo mudziwe tsiku ndi gwero lake la ndalamazo. Musakongole kuti mubweze ngongole ina, kapena kuti ukwati ndi chiliza zioneke zazikulu kuposa za mnansi. Munda, nyumba ndi mitengo ya zipatso musaziike chikole, pakuti ndizo mphero ya ana anu. Mulowe gulu limodzi lokha, la anthu amene muwadziwa, limene liwerenga ndalama poyera. Ndipo inu a m'miphakati, mukaona mbale wapanikizika ndi matenda, mufike kwa iye msanga, wa katapila asanafike. Thumba la zangozi likhale lolemera, pakuti ndilo chifundo chenicheni cha gulu.

Amene zamuthina kale asakhale chete ndi manyazi, kapena kuganiza zodzichotsera moyo, monga timva kuti ena achita chifukwa cha ngongole. Apite kwa Bambo Mfumu, kwa mphunzitsi wa mpingo kapena kwa nyakwawa, kuti akhale pansi ndi mwini ndalama nagwirizane za kabwezedwe. Ngongole ili ndi malire, koma moyo wa munthu ulibe mtengo.

Tithokoza Akhristu onse a ku Mwanza amene adatilandira ndi nsima ya nandolo ndi madengu a manachesi, natiululira za m'nyumba zawo mosabisa kuti ena aphunzirepo. Tiwapempherere iwo ndi mabanja onse olemedwa ndi ngongole, kuti Yosefe Woyera, amene adadyetsa Banja Loyera ndi ntchito ya manja ake, awapempherere kwa Ambuye, ndi kufewetsa mitima ya onse amene ali ndi zobwereketsa.