Chotupa cha Pakhosi Sachiweruza ndi Maso

M'midzi yambiri ya kumapiri ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, khosi lotupa si chinthu chachilendo. Agogo ambiri anakalamba nalo, akumalibisa ndi mpango. Kutupako kumayambira m'chithokomiro, kachiwalo kooneka ngati gulugufe kamene kali kutsogolo kwa khosi ndipo kamatulutsa mahomoni oyendetsa mphamvu za thupi. Kachiwaloka kakasowa ayodini kamakula, ndipo kudya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira kumawonjezera vutoli. Mchere wothira ayodini wachepetsa matendawa, komabe tizotupa ta m'chithokomiro tikupezekabe, makamaka mwa amayi. Madokotala amati pa tizotupa 100 tilitonse, 5 mpaka 15 tokha ndito timakhala khansa. Vuto ndi lakuti palibe munthu angadziwe ndi maso kapena ndi chala kuti kake kali mbali iti.

Mayi wina wa zaka za m'ma 40, mlimi wa mtedza ndi chimanga, anakumana ndi vuto limeneli. Tsiku lina akusamba anagwira kanthu kolimba pang'ono kumunsi kwa khosi, kamene kankakwera akameza malovu. Achemwali awo anati apite kwa sing'anga akateme mphini. Mwana wawo wa ku Johannesburg anaimba foni ali ndi mantha: "Amayi, imeneyo ndi khansa, akangochotsa basi." Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo sanavomereze zonse ziwirizi. Anafunsa mofatsa kuti: "Mayi, kodi mawu anu asasa? Mukuvutika kumeza kapena kupuma? Kodi kakukula msanga? Alipo m'banja mwanu amene anadwalapo khansa ya chithokomiro?" Mayiwo anayankha kuti ayi pa zonsezi. Mlangiziyo anati zimenezo n'zolimbikitsa koma si yankho, ndipo anawalangiza kupita kuchipatala cha boma.

Kumeneko anayamba n'kuyeza magazi kuti aone homoni yotchedwa TSH. Ikakhala yotsika, kawirikawiri kachotupako kamakhala kakutulutsa mahomoni ochuluka, ndipo kotere sikakhala khansa kawirikawiri. Ya mayiwa inali bwinobwino, choncho anawaunika ndi makina a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Makinawa sabaya ndipo sapweteka. Wounika amaona ngati kachotupako kali ndi madzi okhaokha kapena ndi mnofu, ngati kakuoneka kakuda kuposa mnofu wozungulira, ngati m'mphepete mwake muli mosalala kapena mwa manomano, ngati kali kotalika kuposa mulifupi mwake, ndiponso ngati muli timadontho towala ngati mchenga. Mu 2017 bungwe la American College of Radiology linakhazikitsa njira yotchedwa TI-RADS, yogawa tizotupa m'magulu 5 potsata zizindikiro zimenezi. Ka mayiwa kanali ka masentimita 2, ka mnofu, kakuda koma kosalala. Kanagwera m'gulu la 4, limene kachotupa kakafika sentimita imodzi ndi theka kamayenera kuyezedwa ndi singano.

Kuyeza kumeneku kunafuna ulendo wa kuchipatala chachikulu mumzinda, ndipo thumba limodzi la mtedza linathera pa basi. Dokotala analowetsa singano yopyapyala m'kachotupako akuyang'ana pa makina, natengamo maselo ochepa oti akaonedwe pa maikulosikopu. Ntchitoyo inangotenga mphindi zochepa, ndipo mayiwo anabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Zotsatira za kuyeza kotere zimalembedwa motsata njira ya Bethesda, imene inakonzedwa pamsonkhano wa akatswiri ku United States mu 2007 ndipo inakonzedwanso mu 2017 ndi 2023. Ili ndi magulu 6. Gulu la 1 limatanthauza kuti maselo otengedwa anachepa, la 2 kuti si khansa, la 5 kuti ikukayikiridwa kwambiri, ndipo la 6 kuti ndi khansa ndithu. Magulu a 3 ndi 4 ndi a pakatikati. Mayiwa anagwera m'gulu la 3, m'mene anthu pafupifupi 2 mwa 10 alionse amadzapezeka ndi khansa.

"Ndiye adokotala, ndili nayo kapena ndilibe?" anafunsa motero.

Dokotalayo anafotokoza kuti m'mayiko olemera, maselo okayikitsa otere amawayezanso chibadwa chake, kufufuza ngati DNA yake yasintha. Kusintha kotchedwa BRAF V600E kukapezeka, pafupifupi nthawi zonse imakhala khansa. Mayeso monga Afirma ndi ThyroSeq akasonyeza kuti palibe choopsa, ambiri amapulumuka opaleshoni yosafunika. Koma mayesowa amadya madola masauzande, ndipo mlimi wa kuno sangawafikire. Njira zimene zinatsala zinali ziwiri: kuchotsa theka la chithokomiro kuti liyezedwe lonse, kapena kubwereza singano pakapita miyezi ingapo. Anagwirizana zobwereza.

Tsiku lobwerera linagwera m'nyengo yopalira, ndalama zili zosowa, ndipo mayiwo anatsala pang'ono kuleka. Mlangizi uja anabwera pa njinga kudzawakumbutsa, ndipo gulu la banki m'khonde linawabwereka ya ulendo. Ulendo uno zotsatira zinali za gulu la 2. Anauzidwa kuti adzaunikidwenso pakatha chaka, kapena msanga ngati mawu atasasa kapena kachotupako katakula.

Nanga bwanji osangochotsa, monga ananenera mwana uja? Opaleshoni ya chithokomiro ikhoza kuvulaza mtsempha wa mawu, ndipo wochotsedwa chithokomiro chonse amamwa mankhwala a levothyroxine tsiku lililonse moyo wake wonse. Dziko la South Korea linaphunzira zimenezi mowawa. Litayamba kuunika anthu athanzi mwaunyinji, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinakwera kuwirikiza ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, anthu ambirimbiri anachitidwa opaleshoni, koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Kunyalanyaza nakonso n'koopsa. Khansa yofala kwambiri ya chithokomiro, yotchedwa papillary, imachizika bwino ikapezeka msanga, koma imafalikira m'khosi ikasiyidwa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogwira ntchito m'mudzi alibe makina kapena singano, koma ali ndi udindo umene dokotala wa mumzinda sangaukwanitse. Iye ndiye woyamba kumva za chotupa cholimba chosasuntha, mawu osasa kwa milungu ingapo, timabulu m'mbali mwa khosi, kapena chotupa cha mwana ndi cha bambo, zimene ziyenera kutumizidwa kuchipatala mosazengereza. Ndiyenso angaonetsetse kuti pepala la zotsatira lakatengedwa, lasungidwa m'buku la kuchipatala, ndipo tsiku lobwerera silinaiwalike ngakhale kumunda kuli ntchito.