Bwerera kwa anzako, mphwanga

Wokondedwa mphwanga,

Kuno tili bwino, kupatula mawondo angawa amene akana zoti ndizipita kudimba. Mayi ako andiuza kuti ntchito yako ya ku Joni ija inatha, ndipo chithereni unatuluka pagulu la Amalawi la pa WhatsApp, ngakhale kokumana Lamulungu sukuonekako. Akuti ukuchita manyazi poti ulibe ya msonkhamsonkha. Za ntchitozo sindikudandaula, ntchito imatha. Chandisowetsa tulo n'chachiwirichi.

Ine ku Joni ndinapita ndili mnyamata, kudzera ku Wenela yolemba anthu ntchito za m'migodi. Mu Epulo 1974 ndege yobweza anzathu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 anathera pomwepo. Ife uthenga unatipeza m'komponi. Foni ya m'thumba kunalibe, kalata yakumudzi inkatenga milungu, ndipo poyamba sitinkadziwa n'komwe kuti wapita ndani. Tikatuluka mumgodi tinkakhala pabwalo, wa ku Dedza, wa ku Mzimba, wa ku Mulanje, aliyense n'kutchula amene anatsanzikana naye sabata imeneyo. Mayina tinkawalumikiza choncho, pakamwa. Kukhala kumeneko sikunadzutse wakufa, koma amene ankakhala nafe ankadya, n'kupezako tulo. Panali mkulu wina amene mng'ono wake anali m'ndegemo. Anadzitsekera masiku atatu osalawa kanthu, mpaka tinachita kum'tulutsa atagwiridwa m'manja. Usiku umenewo analira pakati pathu ngati mwana, m'mawa mwake n'kudya phala.

A Kamuzu ataletsa Wenela kulemba anthu tinabwerera kumudzi, ndipo ntchito ya kumunda wa tiyi ku Thyolo anandipezera ndi mmodzi wa anthu a pabwalo paja. Sanali mbale wanga.

Inu a lero bwalolo mukuyenda nalo m'thumba. Wayiwala za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope a m'phiri la Soche atakwirira nyumba ku Chilobwe? Zoti azakhali ako ali moyo tinazidziwa chifukwa mtsikana wina wosawadziwa anawajambula kumsasa n'kutumiza pagulu la mpingo. Iweyo uli ku Johannesburg unamva ine ndisanamve.

Sindikuti pagulupo pali angelo. Pali amiseche, pali akatapila, palinso aja olonjeza mapepala okhalira m'dziko ukawapatsa ndalama. Chithunzi cha pasipoti yako usatumizire munthu amene sunaonane naye maso ndi maso, ndipo uthenga wa maliro usaumwaze eni mbumba asanalankhule. Koma sitigwetsa nkhokwe chifukwa mwalowa khoswe.

Ndiye bwerera. Lemba mawu ochepa chabe: ntchito yatha, amene wamva za ganyu andiuze. Kumeneko ganyu amamveka kwa mnzako, ndipo mnzakoyo sangalote kuti uli pa ulova. Za choperekacho uwauze akuluakulu a gulu mosabisa kuti udzabweza ukapeza. Anthu amenewo anakutengera mtembo wa msuweni wako kudutsa Beitbridge mpaka ku Mwanza, sangakuthamangitse chifukwa cha miyezi iwiri.

Mayi ako ndawauza kuti Lamulungu likubwerali upita kukakumana ndi anzako. Usandisandutse wabodza.

Ndine malume ako.