Ng'ombe Ziwiri za Atate Sizinapite Pacabe

Ine ndinalekezera Giredi 12, koma mlongo wanga wamng'ono anafika ku yunivesiti, atate atagulitsa ng'ombe ziwiri. Mtima wake unali pa sayansi yofufuza milandu, yopima zidindo za zala, magazi ndi DNA, imene apolisi a ku England anayamba kugwiritsira nchito mu 1986.

Tsoka ilo, masukulu ambiri a ku America afuna malikisi 3.0 mwa 4.0 kuti munthu ayambe digiri yaciwiri. Iye anali ndi 2.6, ndipo anamkana. Atate anakhala cete masiku atatu.

Mwanayo anagwira nchito m'labotale zaka ziwiri, nabwereza maphunziro a kemisitiri. Atapemphanso malo, kalata ya mkulu wa labotaleyo inamcitira umboni, ndipo anamlandira.

Makolo anzanga, mwana akapunthwa musafulumire kumuwerengera ng'ombe.