Galu wa Agogo Anga

Kodi munayamba mwachitapo manyazi chifukwa cha dzina la galu? Ine zinandichitikira, ndipo mpaka lero ndikamva dzina limenelo ndimazyolika. Mukudziwa kale kuti kwathu kuno galu sapatsidwa dzina mwachisawawa. Munthu akakhala ndi mawu oti auze abale kapena anansi koma akuopa ndewu, amawaika pa galu. Akamaitana "Alinane! Alinane!" kapena "Zilipano!" amene ali ndi makutu amamva. Mvetserani tsono momwe agogo anga anandidzudzulira kudzera mwa galu yemwe ndinawapatsa ndekha.

Mu 2021 ndinkachita lendi nyumba ina mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi sukulu yomwe ndimaphunzitsa. Banja lomwe linkakhala kuseri kwa mpanda wathu linasamuka Loweruka lina m'mawa. Anapakira zonse m'lole, mpaka mbaula ndi mitondo, koma galu wawo anam'siya womangirira ku mtengo wa mango. Analira usiku woyamba, analiranso wachiwiri. Tsiku lachitatu mawu anali atatha, ankangobuula. Nditasuzumira ndinaona galu wamkazi wofiirira, nthiti zili pamtunda, nkhupakupa zili mbwee m'makutu, waya atam'cheka m'khosi. Ndinam'masula n'kumupatsa mkute wothira msuzi wa bonya. Sanathawe. Anadya n'kugona pakhomo panga ngati tinkadziwana kale.

Ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto yemwe anam'tsuka bala, kumupatsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi kumubaya katemera wa chiwewe. Atayang'ana mano ake anati ndi galu wamkulu ndithu, wa zaka ngati zisanu. Vuto linali lakuti eni nyumba yanga sankalola ziweto. Apa m'pamene ndinakumbukira agogo.

Agogo anga, amayi awo a mayi anga, amakhala m'mudzi wina m'boma la Dedza. Anabereka ana asanu ndi awiri. Atatu anatisiya, ena ali m'tauni, ndipo mmodzi anapita ku Johannesburg. Agogo aamuna anamwalira kalekale. Maso a agogo anayamba kuchita ng'ala, maondo nawo ndi a nyamakazi, moti poyenda amadalira ndodo. Ife adzukulu tinkadziona ngati ana abwino chifukwa mwezi ukatha tinkatumiza kangachepe pafoni ya mnyamata wina wapafupi. Kunena zoona, panthawiyo n'kuti nditatha miyezi isanu ndi itatu osaponda kumudziko, chonsecho kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza si ulendo wogona panjira.

Patchuthi ndinapempha mnzanga wa galimoto ya pikapu kuti atiperekeze. Agogo anali pamkeka pakhonde. Paja agogo amam'tcha mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo, choncho atamva mawu anga anati, "Ha, amuna anga mwabwera? Ndimayesa munakwatira kwina." Atazindikira kuti ndabwera ndi galu anawomba m'manja. "Ine ndinapempha shuga ndi sopo, inu mwandibweretsera pakamwa pena poti ndizidyetsa?" Ndinawafotokozera za mtengo wa mango ndi waya uja. Anakhala chete kwa kanthawi. Kenaka anatambasula dzanja, galu n'kubwera kudzalinunkhiza. Anam'sisita m'khosi mpaka zala zawo zinafika pachipsera.

"Ndiye kuti anzake anasamuka n'kumusiya?"

"Eya, agogo."

"Basi, dzina lake ndi Mwandiiwala."

Mnzanga wa pikapu uja anaseka. Ine sindinaseke. Ndinadziwa kuti muviwo sunalunjike kwa banja losamuka lija.

Nditabwerera kumudzi patatha miyezi iwiri ndinapeza zinthu zitasintha. Mayi wina woyandikana nawo anandiuza kuti kale agogo ankatha tsiku lonse osakoleza moto. Ankati kuphika nsima ya munthu mmodzi n'kuvutitsa nkhuni. Tsopano ankaphika kawiri patsiku chifukwa Mwandiiwala akamva njala ankakhala pakhomo la khitchini n'kumawayang'ana. Pophikira galu, nawonso ankadya. Anayambiranso kupita kumjigo ndi kabigiri kakang'ono, ndiponso kutchalitchi Lamulungu, galu ali patsogolo, iwo pambuyo ndi ndodo. Akaima kuti apume, galu naye ankaima. Nkhuku zawo zomwe zinkasowa usiku zinaleka kusowa. Koma chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti agogo anayambiranso kulankhula. Madzulo ankamufotokozera galuyo za mitengo ya feteleza, za malemu amuna awo, ndi za ife adzukulu osayamika.

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. M'kalasi ndakhala ndikuwauza ophunzira kuti mwambiwu umatanthauza kuti munthu payekha sangathe kudziteteza. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wachiwiri wa agogo anga adzakhala kanyama kenikeni, ife anthu tili kutali.

Usiku wina mu June 2022, kuzizira kwa ku Dedza kuli pachimake, agogo anatuluka kupita kuchimbudzi. Pobwerera anapunthwa pamuzu n'kugwa, ndipo bondo linakana kuwadzutsa. Anaitana koma mawu a nkhalamba safika patali. Mwandiiwala anauwa, kenaka anathamangira kunyumba ya mayi woyandikana nawo uja n'kuyamba kukanda chitseko. Mayiyo anam'thamangitsa kawiri, iye osachoka. Ulendo wachitatu amuna awo anati, "Galu wamkota sakandira pachabe," n'kutenga tochi. Anawapeza agogo akunjenjemera, n'kuwanyamula kukawaotsa moto. Akanagona panjapo mpaka m'mawa, kaya nkhaniyi ndikanailemba bwanji.

Musaganize kuti Mwandiiwala ndi galu wophunzitsidwa. M'maiko ena muli sukulu zophunzitsa agalu kutsogolera anthu osaona. Ku America sukulu yotchedwa The Seeing Eye inayamba ntchito imeneyi mu 1929. Galu wa agogo sanapite kusukulu iliyonse. Iye amangodziwa dzanja lomwe limam'dyetsa, basi.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Anthu ena m'mudzimo anayamba manong'onong'o. Ankati nkhalamba yolankhula ndi galu usiku ili ndi zake. Inu mukudziwa komwe mawu otere amathera: m'dziko muno okalamba ena amenyedwa, ena kuphedwa kumene, powaganizira ufiti, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 linaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Nditamva ndinapita kwa a nyakwawa pamodzi ndi amalume. A nyakwawa anaitanitsa anthu n'kuwafunsa funso limodzi: "Mwa inu nonse, ndani anapitako kukacheza ndi mayiwa sabata ino, kuti asamalankhule ndi galu?" Panalibe anayankha. Nkhani inathera pomwepo, ndipo masiku ano ana a m'mudzimo amabwera kudzasewera ndi Mwandiiwala, agogo n'kumawaimbira nthano.

Mwina nanu muli ndi agogo kapena mbale wolumala yemwe amakhala yekha, ndipo mukuganiza zomupezera galu. Agalu osowa mwini alipo ambiri. Ku Lilongwe kuli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals lomwe linayamba mu 2008, ndipo mwa ntchito zake limasamala agalu otayidwa n'kuwapezera mabanja atsopano. Koma ndikupempheni kuti muganize kaye mofatsa. Choyamba, mufunseni mwini wakeyo. Ine sindinawafunse agogo, ndipo ndinangochita mwayi kuti anam'konda. Chachiwiri, sankhani galu wamkulu wofatsa. Kamwana kagalu n'kokongola, koma kamalumphira anthu ndi kuzungulira m'miyendo, ndipo kakhoza kugwetsa munthu woyendera ndodo. Chachitatu, galu amadya. Ngati ufa wa agogo ndi wosakwana kale, musawawonjezere mtolo popanda kuwonjezera thumba la chimanga ndi madeya. Mukambiranenso za amene adzam'tenge galuyo agogo akadzadwala, kuti asadzamangiriridwenso kumtengo kachiwiri.

Chachinayi, ndipo ichi musachiiwale, ndi katemera wa chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matendawa. Galu wa agogo ndimaonetsetsa kuti wabayidwa chaka ndi chaka kwa alangizi a ziweto. Ndipo wina akalumidwa ndi galu aliyense, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Asadikire kuti aone ngati galuyo apenge.

Komabe pali zina zomwe galu sangachite. Sangawerenge zolembedwa pabotolo la mankhwala. Sangafolere denga likamadontha. Sangawaperekeze agogo kuchipatala cha maso, komwe madokotala amatha kuchotsa ng'ala munthu n'kuyambanso kuona. Ntchito imeneyo inkadikira ine, ndipo ndinaichita mochedwa, mu 2023. Atachotsa bandeji padiso lamanja, agogo anayang'ana galu wawo n'kunena kuti, "Kani ndiwe wofiira? Ine ndimayesa ndiwe wakuda." Kenaka anandiyang'ana ine n'kuti, "Inunso amuna anga mwayamba dazi."

Tsiku limenelo ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti asinthe dzina la galu. Ndinati anthu akamamva amationa ngati ndife ana oipa. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Mukadzabwera miyezi khumi ndi iwiri yotsatizana, osadumphitsa, ndidzam'tcha Mwabwera."

Kawiri konse ndafika miyezi isanu ndi iwiri n'kudumphitsa, ulendo wina chifukwa cholemba mayeso, ulendo wina chifukwa cha ulesi chabe. Agogo salakwitsa kuwerenga. Ndikaphonya mwezi amayambiranso pa 1. Pamene ndikulemba pano ndili pa mwezi wachisanu ndi chinayi, ndipo galu uja akadali Mwandiiwala. Wayamba imvi kukamwa, ndipo masiku ano ndi agogo amene amaima panjira kumudikira.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi, tchuthi chikubwerachi mukapita kumudzi, mukatchere khutu agogo anu akamaitana galu wawo, mbuzi yawo ngakhale mphaka. Mukamve bwino dzinalo. Mwina mudzapeza kuti akhala akukuitanani inuyo nthawi yonseyi.