Kale ankasiya unduna chifukwa cha tiki

Tiki inali mapeni atatu basi. Koma mu 1964, patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, kandalama kameneka kadagwedeza boma la Dr Kamuzu Banda. Boma lidafuna kuti odwala azilipira tiki m'zipatala zake, ndipo nduna zingapo zidakana poona kuti wakumudzi sangakwanitse. Padalinso madandaulo a ogwira ntchito m'boma litatuluka lipoti la Skinner lokhudza malipiro awo, nkhani ya azungu okhalabe m'mipando yonona, komanso ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankapondereza abale athu ku Mozambique.

Pa 7 Seputembala Kamuzu adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Henry Masauko Chipembere, phungu wa ku Fort Johnston, komwe lero timati ku Mangochi, adali ku Canada. Iye sadachotsedwe, mpando wa nduna ya zamaphunziro unkamudikira. Atabwera adautula yekha, nkuimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba kulankhulira anzake. Ganizani bwino: chipani cha Kamuzu adachivutikira mpaka kulowa m'ndende, ndipo adali m'modzi mwa anyamata amene adaitana Kamuzu, yemwe adabwera mu 1958. M'masiku amene ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo zinkalemekezedwa ngati malamulo a Mulungu, kunena kuti ayi kudali kudzisemera bokosi.

Mfuti zimene Chipembere adanyamula mu Febuluwale 1965 sindiziyamikira. Ulendowo udathera pa Liwonde, pantoni ili tsidya lina la Shire, ndipo amene adalipira ndi anthu wamba a m'midzi ya ku Mangochi. Chimene ndimasirira ndi cha mu Seputembala muja, munthu kusiya galimoto ndi nyumba ya boma chifukwa cha mayi wosowa tiki ya mwana wodwala. Adamwalirira ku Los Angeles mu 1975 osaonanso kwawo ku Malindi. Mayi Chibambo, amene lero nkhope yawo ili pa K200, adakhala kunja zaka pafupifupi 30, nkubwerako mu 1994.

Nanga lero? Aphungu akutulukabe m'zipani, mwinanso kuposa kale, koma taonani kumene mapazi amaloza. Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005, gulu la aphungu lidamutsatira ku DPP. Atamwalira mu Epulo 2012, maliro asanathe nkomwe, ambiri adali atavala kale makaka a PP, chipani cha pulezidenti watsopano. Mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: anthu akwathu andituma, ndikufuna kugwira ntchito ndi boma kuti kubwere chitukuko. Amalandiridwa pamsonkhano, nsalu yatsopano pakhosi, amayi akuvina. Sindikumva wotuluka chifukwa mankhwala atha m'chipatala cha kwawo.

Mtima wakale uja udaonekako pa 4 Julayi 2002, pamene bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti idapeza mavoti 125 m'malo mwa 128 ofunikira. Ena mwa amene adaitsutsa poyera adali a chipani cholamula chomwecho, ndipo adadziwa kuti ataya zambiri.

Malamulo tili nawo. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limati phungu wolowa chipani china ataye mpando, ndipo khoti la Supreme lidalitsimikiza mu 2007, koma limangotsamwa ndi ziletso za kukhoti. Gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu adalifafaniza okha mu 1995, patangotha chaka chimodzi chiyambireni ndale za zipani zambiri.

Inu amene mudakhalapo m'Nyumba ija ndipo lero mulibe mpando woti muuteteze, mukudziwa momwe mavoti amagulidwira ndiponso momwe mkwapulo wa chipani umatsekera anthu pakamwa. Lero palibe amene akuthamangitsireni ku Zambia kapena ku Tanzania. Tulukani poyera, mutiuze zimene mudaona, ndipo mutsogolere ntchito yobwezeretsa gawo 64.