Agogo a pansi pa tebulo langa

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga mu Fomu 4, ena mukukumbukira kompyuta yakale ija imene inkalira pansi pa tebulo langa mu labu. Ana ankaitcha "agogo". Imeneyo ndiyo inali seva yathu.

Ndinaikamo Ubuntu, kenako Apache, PHP ndi MySQL, pamwamba pake n'kuika Moodle, pulogalamu yaulere yophunzitsira imene Martin Dougiamas wa ku Australia anatulutsa mu 2002. Chimene chinandikoka n'chakuti intaneti sinkafunika. Makompyuta a mu labu ankalumikizana ndi agogo kudzera pa rauta, mwana n'kulemba 192.168.1.10, basi mafunso a Biology ali pamaso pake. Bandulo ayi, kulipira kampani mwezi ndi mwezi ayi, ndipo malikisi a ana athu ankagona pasukulu pomwepo.

Ntchito yake ndiye inali yanga ndekha. Magetsi akazima n'kuyakanso, ndine wothamanga kukaona ngati agogo adzuka. Mwana akaiwala pasiwedi, ndine. Ngakhale pa maliro foni inkalira ndithu: "Aphunzitsi, sizikutseguka."

Lachisanu lililonse ndinkakopera database pa flash pogwiritsa ntchito mysqldump, n'kumadziona ngati katswiri. Ndiye teremu yachitatu, patatsala milungu yochepa kuti mayeso a MSCE ayambe, hard disk inayamba kugogoda ngati munthu ali pakhomo, mawa lake zii. Sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinabwereka disk ina, n'kukhala Loweruka lonse ndikuikanso zonse. Mayina a ana anabwerera. Malikisi anabwerera. Koma nditadina pa manotsi, panalibe kanthu.

Apa mvetserani bwino inu amene mukufuna kuyesa zimenezi. Moodle imasunga zinthu pawiri. Mayina, mafunso ndi malikisi zimakhala mu database, koma mafayilo amene munthu wakweza amakhala m'foda ina yotchedwa moodledata. Database imangodziwa dzina la fayilo ndi mmene ingaipezere, fayiloyo mulibemo. Foda imeneyo ine sindinaikopere ngakhale kamodzi. Manotsi a zaka ziwiri, zithunzi za mtima ndi impso zimene ndinajambula ndekha, zonse zinapita ndi disk ija. Lolemba ndinaima kutsogolo kwa kalasi thukuta lili kamukamu, ndipo panalibe woti ndimuloze chala.

Masiku ano ndimakopera zonse ziwiri pa ma flash awiri, imodzi imagona kunyumba, ndipo teremu iliyonse ndimayesa kuzibwezeretsa pa kompyuta ina kuti ndione ngati zikutsegukadi.

Manotsi aja ndinawataipanso usiku kwa milungu iwiri, kuchokera m'kope la mtsikana wina amene anali atawakopera onse pamanja. Ndinkamuseka kale kuti akuwononga bolopeni. M'kope mwakemo ndinapeza malo awiri pamene ndinalakwitsa ine, iye atakonza kale ndi pensulo.